Kodi Akufa Athu Adali ndi Ngongole Yanji?

Mwezi wa Novembala ndiwo mwezi umene Eklezia amatikumbutsa za akufa athu. Pa 2 Novembala timapita kumanda ndi makasu, timalambula mitumbira, ndipo maina a amene adatsogola amaŵerengedwa pa Nsembe ya Misa. Tsono popeza mitima yathu ili kale kumanda, tati tikambirane mbiri ya funso limodzi limene silisoŵa pamaliro kuno kwathu. Funsoli silifunsidwa mokweza ayi. Limanong'onedwa kuseri kwa siwa kumene amayi akuphika, kapena pamoto pamene abambo akuchezera usiku: "Kodi ameneyu adalakwa chiyani?" Ndipo malemuyo akakhala mwana wosadziŵa kanthu, funsolo limangotembenuka: "Nanga walakwa ndani kuti mwanayu apite?"

Kunsi kwa funso limeneli kuli ganizo lakale lakuti imfa ndi ngongole. Munthu akafa, makamaka akafa imfa yoipa, ndiye kuti pali chimene chikulipidwa. Ana athu a masiku ano, amene amaŵerenga zambiri pa mafoni, adatola liwu lachilendo lonenera ganizo lomweli: amati karma. Liwulo nlatsopano m'makutu mwathu, koma ganizolo takhala nalo kuyambira kale, ndipo ulendo wake umaoneka bwino m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Soche, ndiyo Chimwankhunda, Chilobwe, Zingwangwa ndi Manja. Dera limeneli lidaona maliro ogwedeza dziko lonse kaŵiri m'zaka 55, koyamba ndi dzanja la munthu, kachiŵiri ndi madzi ndi miyala.

Tiyambe ndi makolo. Amang'anja ndi Ayao amene adakhala m'mapiri ano m'masiku a mfumu Kapeni, amishonale a ku Scotland asanafike mu 1876, sadali kukayika kuti munthu akafa satha. Mzimu wake udali kukhalabe pakati pa abale, kulota kwa amoyo ndiko kudali khomo lake, ndipo ukadandaula adali kuuthirira nsembe ya ufa kapena moŵa patsinde pa mtengo. Dzina la malemu lidali kudzutsidwa mwa mwana wobadwa pambuyo. Adzukulu adali ndi ntchito yawo, kumeta kudali ndi tsiku lake, ndipo namfedwa sadali kusiyidwa yekha. Tinene poyera kuti amishonale sadabwere nacho chikhulupiriro chakuti kuseri kwa manda kuli moyo. Adachipeza kuno.

Koma panali mbali ina yoŵaŵa. Imfa ya nkhalamba yotha mano anthu adali kuilandira kuti ndi ya Mulungu. Imfa ina iliyonse idali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo adayenera kupezeka. Mwana akatupa namwalira, adali kunena za mdulo kapena tsempho, nayang'ana bambo kapena mayi kuti adalumpha mwambo uti. Mnyamata akagwa mwadzidzidzi, adali kupita kukaombeza ula, ndipo wotchulidwa adali kumwetsedwa mwabvi. Mapondera adali kusinja khungwa la mtengowo nalisakaniza ndi madzi. Wosanza adali wosalakwa. Wosasanza adali kufa, ndipo mtembo wake sudali kulandira ulemu wa maliro. Taonani nzeru yake ya mwabvi, abale: imfa yomweyo ndiyo idali umboni wa mlandu. Wafa, ndiye kuti adali wolakwa. Ndipo wakufa sayankha.

Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi lamulo la ufiti la mu 1911. Chikho cha mwabvi chidataidwa pang'onopang'ono, koma nzeru yake idatsala m'mitu. Idabisala ngakhale m'mwambi wabwino uja wakuti choipa chitsata mwini. Mwambiwu ukanenedwa kwa munthu wamoyo amene akunola mpeni, uli chenjezo la chikondi. Koma ukanenedwa chobwerera, pa mtembo, kuti chimene chamtsata munthuyu ndiye choipa chake, wasanduka mwabvi wopanda chikho.

Tsopano tibwere ku mzinda. Blantyre ndi Limbe adalumikizidwa mu 1956, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 anthu adakhamukira kuno kudzafuna ntchito. Ambiri adamanga tinyumba ta zidina m'mphepete mwa mzinda, kopanda magetsi, kutali ndi apolisi, pakati pa anansi osadziŵana mitundu. M'malo otere, kuyambira mu Seputembala 1968, anthu adayamba kupezeka ataphedwa m'nyumba zawo usiku, ena atadulidwa ziŵalo. Kuphako kudafalikira m'madera angapo ozungulira mzinda, koma mbiri idakutcha ndi dzina la Chilobwe. Pofika mu Malichi 1970 ophedwa adali osachepera 30. Achikulire a ku Chimwankhunda ndi ku Zingwangwa amene adaliko amakumbukira kugona ndi mipiringidzo iŵiri pachitseko, ndiponso mmene mlendo aliyense wofunsa njira madzulo adali kuoneka ngati chigaŵenga.

Chimene tifuna kuti muchisunge ndi mphekesera imene idabuka. Mu 1967 boma la Dr. Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku South Africa, chinthu chimene maiko ena a anthu akuda adakana kuchita, ndipo mu 1968 South Africa idabwereketsa Malaŵi marandi 8 miliyoni omangira likulu latsopano ku Lilongwe. Anthu wamba, amene adali kudziŵa bwino kuti wobwereketsa sapatsa chaulere, adalumikiza ziŵirizo. Adati magazi a ophedwawo akutumizidwa ku Joni kukabweza ngongole. Palibe umboni umene udapezeka wotsimikiza zimenezo. Koma onani mmene mtima wa munthu umagwirira ntchito: pamene imfa yasoŵa tanthauzo, umaifunira ngongole yoti ilipire. Kudali kopepuka kukhulupirira kuti mbale wako wafera ngongole ya boma, kusiyana nkubvomera kuti wangofa chabe m'manja mwa munthu wankhanza.

Amuna angapo adagwidwa, koma mu 1969 khoti lalikulu lidawamasula chifukwa umboni udali wosakwanira. Mkwiyo udakula m'misewu ndi m'Nyumba ya Malamulo momwe. Adati malamulo a Azungu ndi maloya awo akupulumutsa anthu olakwa. Chaka chomwecho lamulo lidasinthidwa, ndipo mabwalo a milandu a mafumu adapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha ndi yogamula kuti munthu anyongedwe, woimbidwa mlandu alibe loya womuimira. Majaji a ku Britain a khoti lalikulu adatula pansi ntchito. Nduna ina yamphamvu ya chigawo cha kumwera, Gomile Kumtumanji, imene anthu adali kuitchula m'mphekeserazo, idatsekeredwa, ndipo idakhala m'ndende zaka ngati 20 osazengedwa mlandu kufikira idamwalira momwemo mu 1990. Mu Malichi 1970 apolisi adagwira munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa. Iyeyu adaulula kangapo, mawu ake osagwirizana bwino, ndipo bwalo la mafumu lidagamula kuti anyongedwe. Ambiri amene adafufuza nkhaniyi pambuyo pake amakayika kuti munthu mmodzi yekha akadatha kuchita zonsezo.

Nkhaniyo sidathere pamenepo. Mabwalo amene adapatsidwa mano chifukwa cha mantha a ku Chilobwe adasanduka chida cholangira otsutsa boma. Ndi pa bwalo lotere, pa Soche pomwe pano, pamene Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Mtundu umene udafuna msanga munthu wolipira magazi udapeza kuti wadzisulira unyolo wa zaka zoposa 20. Ndipo mphekeserayo nayo sidafe. Mu 2017 idadzukanso ndi dzina la anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo mpaka mu Blantyre muno, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu a anzawo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 2016, nkhalamba zinayi zidaphedwa ku Neno chifukwa mtsikana wina adafa ndi mphenzi. Lamulo la mu 1911 lidali litakwanitsa zaka 105.

Nanga karma idachokera kuti? Liwuli nla chinenero chakale cha ku India chotchedwa Sanskrit, ndipo tanthauzo lake ndi ntchito, kapena chochita. Chiphunzitso chake chimapezeka kale m'mabuku otchedwa Upanishad, olembedwa zaka mazana angapo Ambuye Yesu asanabadwe, ndipo Ahindu, Abuda, Ajaini ndi Asikh amachisunga, aliyense m'njira yake. Sichidayambe kufika kuno ndi mafoni ayi. Asilikali a Chisikh adafika m'dziko muno mu 1891 pamodzi ndi Harry Johnston, ndipo pambuyo pawo padabwera amalonda amene timawatcha Amwenye. Ambiri a iwo ndi Asilamu, amene sakhulupirira karma konse, koma ena ndi Ahindu ndi Asikh, ndipo ali ndi nyumba zawo zopemphereramo mu Blantyre ndi mu Limbe. M'zaka za m'ma 1970 boma lidawachotsa m'midzi nkuwasonkhanitsa m'mizinda ikuluikulu. Takhala tikugula nsalu ndi malata m'masitolo awo mibadwo inayi, osawafunsa chimene amakhulupirira za akufa awo.

Chimene amaphunzitsa nchakuti chochita chilichonse, chabwino kapena choipa, chimabala chipatso chake, monga mbewu. Chipatsocho chikapanda kupsa m'moyo uno chidzapsa m'moyo wina, pakuti iwo amakhulupirira kuti munthu amabadwa, nafa, nabadwanso m'thupi lina, kaŵirikaŵiri, kufikira atamasuka ku chizungulire chimenechi. Tisachiseke chiphunzitsochi. Anthu amene adachiganiza adali kulimbana ndi funso lomwe lidabvuta Yobu: bwanji woipa akulemera, wolungama nkumabvutika? Adafuna kunena kuti chilungamo sichilandira chiphuphu, ndi kuti palibe ntchito imene imatayika. Ahindu ambiri amadaliranso chifundo cha Mulungu, ndipo amapereka nsembe zokumbukira makolo awo akufa, monga ifenso. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate cha pa 28 Okutobala 1965, udatchula Chihindu ndi Chibuda ndi ulemu, nuphunzitsa kuti Eklezia sataya chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zimenezi.

Komabe pali pamene timasiyana nawo, ndipo ulemu suletsa kunena. Ngati tsoka la lero lili malipiro a moyo wina umene munthu saukumbukira, ndiye kuti khanda lobadwa lopuwala likulipira mlandu wake. Ku India komweko adalipo ophunzira amene adaona kuopsa kwa ganizoli, monga B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa anthu onyozeka amene anzawo adali kukana ngakhale kuwakhudza. Iye adatsutsa kolimba iwo amene adali kuuza anthu otere kuti kunyozeka kwawo adadzikonzera okha asanabadwe. Tsono karma ya m'misewu ya kwathu kuno njoipa kuposa pamenepo, chifukwa ilibe ngakhale kudzichepetsa kwa eni ake. Mhindu woopa Mulungu amaganiza za karma yake. Ife timaŵerengera karma ya mnansi. Amene adatilanda malo akachita ngozi pa msewu, timalemba pa Facebook kuti karma yagwira ntchito. Kumeneko si kupembedza kwa ku India. Ndi njiru yathu yakale yobvala malaya obwereka.

Tidaiona njiru imeneyi m'masiku a Edzi. Matendawa adatsimikizika koyamba m'Malaŵi mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 okhoma mabokosi adandanda m'mbali mwa misewu ya mzinda uno. Kufikira pamene mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004, maliro adali a tsiku ndi tsiku. Ndipo kuseri kwa siwa adali kunong'ona kuti wadzifunira yekha. Adali kunong'onera mayi amene sadadziŵepo mwamuna wina koma wake, ndi khanda limene lidayamwa matenda pa bere. Amene adaomboladi dzina la Akristu masiku amenewo ndi amayi a m'miphakati, amene adali kuloŵa m'nyumba zimene ena adali kuzilambalala, nasambitsa odwala osafunsa kuti adawatenga kuti.

Kenaka padafika chaka cha 2023. Namondwe wotchedwa Freddy adabadwa kumayambiriro kwa Febuluwale panyanja pakati pa Australia ndi Indonesia. Adaoloka nyanja yonse ya India, naomba Madagascar pa 21 Febuluwale ndi Mozambique pa 24, nabwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Malichi adaloŵanso kumtunda pafupi ndi Quelimane. Adakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo. Kuno mvula idagwa usana ndi usiku osakata. Lamulungu pa 12 Malichi ndi usiku wake woloŵera Lolemba, phiri la Soche lidakhuta madzi nkugumuka. Matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zidatsetserekera pa Chilobwe ndi pa midzi yoyandikana nayo, anthu ambiri ali m'tulo. Kutacha, anansi adakumba ndi makasu, ndi mafosholo, ena ndi manja okha. Nyumba yachisoni ya ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, idadzaza. Zomwezo zidachitika ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, kumene mudzi wa Ntauchira udakokoloka pafupifupi wonse. Pulezidenti wa nthaŵiyo, Lazarus Chakwera, adakhala nawo pamaliro a ena mwa ophedwawo ku Chilobwe pa 15 Malichi, ndipo adalengeza masiku 14 akulira. Chiŵerengero cha boma chidati anthu 679 adapezeka atafa, oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa 650,000 adasoŵa pokhala. Zonsezi zidagwa pa dziko limene lidali likuikabe maliro a kolera, amene adapha anthu oposa 1,700 kuyambira mu 2022.

Achikulire adati ndi Napolo, monga adanenera pa Zomba mu 1946 ndi pa Phalombe mu 1991. Alaliki ena adati ndi mkwiyo wa Mulungu pa machimo a mzinda. Achinyamata ena adati ndi karma ya odula mitengo. Mawu otsirizaŵa ali ndi kachoonadi kake, ndipo tisakathaŵe. Phiri limene lili ndi mitengo limagwira dothi lake ndi mizu, ndipo limamwa madzi pang'onopang'ono. Phiri la Ndirande lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, ndipo la Soche lidatsatira, nkhwangwa ikukwera chaka ndi chaka, nyumba zikukwera pambuyo pake. Akatswiri a zanyengo amatiuzanso kuti nyanja zikutentha chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto, ndipo nyanja yotentha imapatsa namondwe mvula yochuluka. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023: mndandandawu suoneka ngati ngozi chabe. Inde, zochita zili ndi zipatso.

Koma funsani tsopano kuti chipatsocho adadya ndani. Makala a mitengo ya Soche adaphikira mzinda wonse, ndi nyumba za mipanda ya njerwa zomwe, ndi nyumba zathu za ansembe zomwe. Amene adagona kunsi kwa miyala ija adali a maganyu, alonda, ogulitsa tomato ndi ana awo, amene adakwera phiri chifukwa kumtunda kuja ndiko kudali lendi yotheka ndi puloti yotheka. Ndipo utsi umene ukutenthetsa nyanja sudatuluke m'mbaula za ku Chilobwe. Gawo la Malaŵi pa utsi wa dziko lonse nlochepa kwambiri. Malemu Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adalankhula za ngongole ya zachilengedwe imene maiko olemera ali nayo kwa maiko osauka. Ngongoleyo ilipodi. Koma m'dziko lino kaŵirikaŵiri wokongola ndi wina, wolandidwa mbuzi ndi wina. Pa Soche choipa sichidatsate mwini. Chidatsata otsetsereka, nichipeza amene adali kunsi.

Pali chinthu china chimene akatekisiti ambiri adachiona chaka chimenecho. Lamulungu lotsatira, pa 19 Malichi, lidali lachinayi la Lenti, ndipo Mthenga Wabwino woikidwa kale pa tsikulo udali mutu 9 wa Yohane, nkhani ya munthu wobadwa wakhungu. Ophunzira adafunsa Ambuye funso lathu lomwe lija la kuseri kwa siwa, kuti wochimwa ndani, munthuyo kapena makolo ake. Ambuye adakana zonse ziŵiri, ndipo m'malo mofufuza mlandu adakanda thope ndi manja awo namchiritsa. Mawu amenewo adaŵerengedwa m'matchalitchi a Blantyre pamaso pa anthu amene zikhadabo zawo zidali zikadali ndi thope. Mu mutu 13 wa Luka, Ambuye adatchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nafunsa ngati iwowo adali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Adayankha okha kuti ayi, ndipo chenjezo la kutembenuka mtima adalilozetsa kwa amoyo amene adali kumvetsera. Anzake atatu a Yobu adachita bwino masiku 7 amene adakhala naye chete. Adalakwa pamene adatsekula pakamwa kumfunira tchimo lofanana ndi zilonda zake, ndipo pamapeto a bukulo Mulungu adakalipira iwowo.

Kodi tsono ntchito za munthu zilibe kanthu? Zili nako, ndipo nchifukwa chake Eklezia amaphunzitsa za chiŵeruzo. Amene adapha anthu m'nyumba zawo mu 1968, kaya adali mmodzi kaya adali ambiri, kaya khoti lidamuona kaya silidamuone, sadazembe bwalo lotsiriza. Ndiponso amene adagulitsa mapuloti pa njira ya madzi akudziŵa. Koma bwalo limenelo silikhala pa siwa, ndipo ife sitili oŵeruza ake. Ngati milandu yonse ikadathera m'dziko lino, mwana wa ku Chilobwe akadakhala wotayika kaŵiri. Timakhulupirira moyo wosatha, mwa zina, chifukwa chakuti maso athu adaona kuti pansi pano sikelo njokhota. Munthu ali ndi moyo umodzi ndi imfa imodzi, monga Katekisimu wa mu 1992 adabwerezera pokana za kubadwanso m'thupi lina. Sabwerera kudzakhala munthu wina. Amaima pamaso pa Mulungu ali yemweyo, ndi dzina lomwe adamutcha amayi ake, ndipo amayembekeza kuuka kwa thupi.

Ndipo pali ichi chimene nzeru ya ngongole siingachimvetse: kwa Mulungu wina angathe kusenzera mnzake. Chikhulupiriro chathu chonse chaima pa Wosalakwa amene adafa imfa yoipa, imfa imene anthu a nthaŵi yake adaiŵerenga ngati umboni wa temberero, monga mwabvi. Kuchokera pamenepo ndipo pamatuluka mwambo wopempherera akufa. Buku lachiŵiri la Amakabeo limasimba kuti Yuda Makabeo, atapeza kuti asilikali ake ophedwa pankhondo adabisa zithumwa m'zobvala, sadanene kuti zawatsata. Adasonkhetsa ndalama nazitumiza ku Yerusalemu kuti aperekeredwe nsembe. M'zaka za m'ma 1000 Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny m'dziko la France, adalamula kuti nyumba zawo zonse zizikumbukira akufa onse pa 2 Novembala, ndipo mwambowo udafalikira mu Eklezia yense. Misonkhano ya ku Florence mu 1439 ndi ku Trent mu 1563 idatsimikiza za Purigatorio, kumene Mulungu amayeretsa amene adafa m'chaulere chake koma ali ndi zotsalira, ndi kuti mapemphero a amoyo, makamaka Nsembe ya Misa, amawathandiza. Purigatorio si katapila wa Mulungu. Ali ngati kusambitsa mwana wochokera m'matope asanaloŵe m'nyumba ya bambo wake. Makolo athu amene adali kuthira ufa patsinde pa mtengo sakadachiona chachilendo chiphunzitso chimenechi.

Otsala obvutika koposa ndi abale a anthu oposa 500 aja amene sadapezeke. Mwambo wathu umafuna mtembo. Popanda mtembo adzukulu alibe ntchito, palibe mtumbira wolambula, palibe chiliza chobvundukula, ndipo namfedwa sadziŵa tsiku loyambira kulira ngakhale lolekera. Ena amaopa kuti mzimu wosaikidwa umayendayenda wosapeza mpumulo. Ena akamva chitseko chikugogoda usiku amadzidzimukabe ndi chiyembekezo. Anthu otere tisafulumire kuwauza kuti alimbe mtima. Ambuye adalira pamanda a Lazaro akudziŵa bwino kuti amuukitsa posachedwa.

Koma Eklezia ali nawo akufa ambiri opanda manda. Anzake a Karoli Lwanga adatenthedwa pamoto umodzi ku Namugongo pa 3 Juni 1886, Akatolika ndi Aangilikani pamodzi, mapulusa awo nasakanizika, ndipo mu 1964 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi adalengeza Akatolikawo kuti ndi oyera. Monika Woyera, mayi wake wa Augustino, adali atadzikonzera manda kwawo ku Africa pafupi ndi mwamuna wake, koma imfa idampeza pa ulendo, ku Ostia m'dziko la Italy, mu 387. Ana ake atada nkhaŵa kuti aikidwa kuchilendo, iye adawauza kuti asabvutike ndi malo a thupi lake, popeza Mulungu sadzasoŵa pokaliukitsira, koma kuti azimkumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene adzakhale. Augustino adadziletsa kulira pamaliropo, koma atatsala yekha adalira, ndipo adazilemba osachita manyazi.

Chifukwa chake, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, polemba maina a Misa za mwezi uno, lembani ndi omwe adapita ndi madzi, ngakhale palibe manda oti muloze. Amene sadali Akatolika alembeni ndithu ngati abale awo apempha. Musafunse kuti munthuyo adafa imfa yotani, kaya adali atalipira za mtulo. Ndipo m'miphakati ya ku Chimwankhunda, ku Chilobwe, ku Zingwangwa ndi ku Manja, funsani agogo amene adaliko mu 1968 ndi mu 1969 ngati akukumbukira dzina la mnansi wina amene adaphedwa usiku masiku amenewo. Mabuku a mbiri adasunga maina a nduna ndi a woimbidwa mlandu. Maina a ophedwawo ali ndi agogo okhawo, ndipo agogowo atsala oŵerengeka.